Ululu wosatha pambuyo pa ngozi: akakujambulani osapeza kanthu, musathawe chipatala

Uthengawu ndi wa inu amene munachita ngozi, kaya ya minibasi, ya kabaza, kugwa mumtengo wa mango kapena kugweredwa ndi khoma m'nyengo yadzinja, mabala anapola, chikhakha anachotsa, koma thupi likuphwanyabe mpaka lero. Ndi wanunso amene mukusamalira munthu wotere pakhomo.

Chatilembetsa ife achipatala ndi mawu amene tatopa kuwamva: "Anandijambula koma sanapeze kanthu, ndiye apa pali dzanja la munthu." Munthu akangoyankhula mawu amenewa, kabuku kakuchipatala amakaponya pansi pa sutikesi. Kotsatira ndi kwa sing'anga kukatemera mphini, ndi pamsika kukagula mapiritsi. Timadzamuonanso patapita chaka kapena ziwiri, atamunyamula, vuto la mwendo lija litabereka vuto la impso.

X-ray imaonetsa makamaka mafupa. Mtsempha umene unaphwanyika suoneka. Minofu imene inang'ambika sioneka, ngakhalenso timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana. Zina mwa izi zimaoneka ndi makina a CT kapena MRI, amene sapezeka pachipatala chilichonse, ndipo zina dokotala amazizindikira pongokufunsani bwinobwino ndi kukupimani ndi manja. Choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino, akutanthauza kuti fupa silinathyoke kapena linalumikizana. Sakunena kuti mukunama. Sakunenanso kuti matenda anu ndi achikuda.

Ululu ukapitirira miyezi itatu, achipatala timautenga ngati matenda paokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linauika m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Bungwe lomweli likuti chaka chilichonse anthu pakati pa 20 ndi 50 miliyoni amavulala pangozi zapamsewu koma osafa. Kumayiko kumene sakamba n'komwe za ufiti aliko anthu ochuluka amene akubuula ngati inu.

Zoyambitsa zake tingozitchula mwachidule. Fupa likhoza kulumikizana mokhota kapena osalumikizana n'komwe, makamaka kwa osuta fodya ndi amene anayamba kuponda nthawi isanakwane. Tizilombo tikhoza kulowa m'fupa ngati bala linali lotseguka. Mfundo imene inavulala, monga bondo kapena chigongono, imatha kuuma kapena kutha msanga. Mtsempha wovulala umapereka ululu wake wake: kutentha ngati moto, kulasalasa ngati singano, dzanzi, kapena kumva ngati wagwidwa ndi magetsi. Ena anadulidwa mwendo koma amamvabe chala chikuwawa pamene chalacho palibe, ndipo zimenezi ndi zodziwika kuchipatala kulikonse. Nthawi zina pamalo povulala pamakhala papoleratu, koma mitsempha ndi ubongo zinazolowera kulira. Zili ngati galu amene anaonapo akuba usiku umodzi, tsopano amauwa ngakhale tsamba likagwa. Kuuwako ndi kwenikweni, ndipo kumasowetsa tulo, ngakhale pabwalo palibe wakuba.

Pa zonsezi palibe chimene chimachoka ndi mphini. Lumo limangowonjezera bala pamalo amene magazi sakuyenda kale bwino, ndipo likakhala logwiritsa anthu angapo mukudziwa kale zimene limafalitsa. Ngati munaikidwa chitsulo m'fupa, chonde, musalole munthu kutema kapena kupaka chilichonse pamenepo. Tizilombo tikafika pachitsulo timavuta kwambiri kuchotsa. Tinenenso ichi, popeza taona kumene nkhanizi zimathera: agogo anu sanatumize ululu umenewu. Kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno potsatira lamulo la 1911, ndipo okalamba ambiri avulazidwa ndi kuphedwa pa nkhani zoyamba motere.

Tsopano za mapiritsi a pamsika, chifukwa apa ndi pamene anthu akudzipha pang'onopang'ono. Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin ndi mankhwala a banja limodzi. Kumwa awiri mwa amenewa pamodzi sikuchotsa ululu kawiri, kumangoononga kawiri. Amathandiza akamwedwa masiku ochepa, munthu atadya, mwa malangizo a chipatala. Koma pali anthu amene akumwa m'mawa uliwonse kwa miyezi, m'mimba mulibe kanthu, kuti apeze mphamvu zokwera njinga kapena zopita kumunda. Tikumvetsa kuti ana ayenera kudya. Komatu mankhwalawa amakanda m'mimba mpaka zilonda kutuluka magazi, amakweza BP, ndipo amaononga impso mwakachetechete, osamva kuwawa kulikonse mpaka zinthu zitafika poipa. Impso zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi, ndipo makinawo m'dziko muno ndi ochepa zedi.

Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, BP, shuga, mphumu kapena vuto la impso, ngati ndinu oyembekezera kapena okalamba, musamwe mankhwala amenewa musanafunse. Amene muli pa ma ARV nenani poyera kwa dokotala, chifukwa tenofovir amene ali m'mapiritsi amene ambiri akumwa nayenso amadutsa mu impso zomwezo. Panado ndi wofatsirapo, koma ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku lathunthu, awiriawiri motalikanitsa. Kupitirira apo chiwindi chimapsa, makamaka kwa omwa mowa. Tramadol, mankhwala amphamvu a ululu, wogula mobisa amalowerera m'thupi, munthu osathanso kukhala popanda iye, ndipo amatha kugwetsa ngati khunyu. Kachasu kapena chamba kuti tulo tibwere, nazonso ayi.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la msika kapena kuti mugulitse kaye chimanga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona izi:

Mutu ukuwawa mowonjezereka kwa munthu amene anamenyetsa mutu pangozi, akusanza, akungogona, akusokonekera, akukomoka, kapena mbali imodzi yafooka. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza n'kudzaonekera patapita masabata kapena miyezi, makamaka kwa okalamba ndi omwa mowa. Ambiri amati munthu wapenga kapena wagwidwa ndi mizimu. Ayi, nthawi zambiri akufunika opaleshoni, ndipo ikachitika msanga ambiri amachira.

Msana ukuwawa ndipo miyendo ikufooka, dzanzi lafika kumaliseche kapena pakati pa ntchafu, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena mkodzo watsekeka. Apa tsiku limodzi lochedwa likhoza kusiya munthu pa njinga ya olumala moyo wake wonse.

Pachipsera patuluka mafinya, patupa, pakutentha, kapena thupi likutentha.

Chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, kutupa nkhope ndi mapazi, kapena mkodzo wachepa kwambiri. Siyani mapiritsi aja a banja la Brufen pomwepo.

Msana ukuwawa usiku, mukuwonda ndi kutuluka thukuta pogona. Si ululu uliwonse umene uli wa ngozi ija. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Mwina mukuti, "Ndinapitako kale, anangondipatsa Panado." Zimachitikadi. Mzere umakhala wautali, wopima mmodzi, ndipo wodwala akangoti "thupi lonse likuwawa" amatuluka ndi Panado. Bwereraninso, koma ulendo uno mukonzeke. Tengani kabuku kaja ndi zithunzi zonse zakale. Nyamulani mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, achikuda omwe, sitikukalipirani. Lozani ndi chala pamene pakuwawa. Nenani mmene pakuwawira, ngati ndi kutentha, kulasa kapena kuphwanya, nthawi imene pamakula, ndi ntchito imene mwalephera kugwira. Mawu akuti "sinditha kusenza ndowa" kapena "bulangete likandikhudza phazi ndimakuwa" amatithandiza kuposa chithunzi. Pemphani kuonana ndi woona za mafupa, amene amapezeka pazipatala za maboma. Iye akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku Queens, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Kamuzu Central, kumene tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Kuyenda maulendo atatu musanapeze yankho si chizindikiro choti akulodzani.

Thandizo lilipo ngakhale dzina lenileni la vutolo lisanapezeke. Ululu wa mitsempha sumva Brufen, koma umatha kumva mankhwala ena monga amitriptyline, womwa pang'ono usiku, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Musamusiye pa tsiku lachitatu n'kumati sakuthandiza. Mafizo ndi mankhwala enieni, si masewera. Kugona pamphasa mwezi wathunthu kumaumitsa mfundo ndi kufooketsa minofu, ululu n'kukula. Akakupimani n'kukulolani, yendani pang'ono tsiku lililonse, kuwonjezera pang'onopang'ono. Tsiku limene mwadzuka bwino musalime munda wonse kuti mubweze masiku otayika, mudzagona sabata. Tisakunamizeni: kwa ena ululu sutheratu. Koma umatha kutsika mpaka munthu kugona tulo ndi kubwerera ku ntchito.

Inu apabanja, lekani mawu akuti "ndi ulesi" kapena "mwamuna salira." Munthu amene wakhala chaka osagona bwino, ntchito inatha, ngongole zachuluka, usiku akulota ngozi ija, mtima wake umalema, ndipo nkhawa imakulitsa ululu. Akayamba kudzipatula, kumwa mowa kwambiri, kapena kunena kuti bola kufa, musaseke ndipo musamusiye yekha. Chotsani mapiritsi ochuluka ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pazipatala za maboma pali anamwino oona za maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa zimenezi.

Kupemphera sitiletsa, pempherani. Koma wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala, muchotse chikhakha kapena musapitenso kuchipatala chifukwa "sanapeze kanthu," kanani. Ngati kabuku kaja kanatayika, gulani kena, mufotokoze mbiri yonse kuyambira tsiku la ngozi. Ngati simungathe kuyenda, tumani munthu kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu sabata ino.