Khoti la ku Berlin silinanene kuti kubwezera n'kololedwa

Ndimaphunzitsa zamalamulo ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana wasukulu woti waonera kavidiyo pa foni, akubwera ndi mfundo yoti mu 1921 khoti la ku Berlin linagamula kuti abale ako akaphedwa uli ndi ufulu wobwezera. Ayi ndithu, zanditopetsa zimenezi.

Pa 15 Malichi 1921 Soghomon Tehlirian, mnyamata wa mtundu wa Armenia, anawombera n'kupha Talaat Pasha mumsewu ku Charlottenburg mumzinda wa Berlin, Talaat yemwe uja anali nduna ya zam'dziko ya boma la Ottoman (kumene lero kuli dziko la Turkey) pomwe anthu a mtundu wa Armenia ankasamutsidwa n'kumaphedwa kuyambira 1915. Mlandu unatenga masiku awiri basi mu Juni, maloya ake anatsamira pa nkhani ya mutu, kuti mnyamatayu ankakomokakomoka ndipo sanali kudzigwira nthawi yomwe amawomberayo, jury, gulu la anthu wamba logamula mlandu, n'kunena kuti alibe mlandu osapereka chifukwa. Palibe lamulo lobwezera linabadwa pamenepo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi umboni wake. Anauza khoti kuti anaona ndi maso amayi ake akuphedwa kufupi ndi Erzincan iye n'kudzuka pakati pa mitembo, chonsecho sanaliko, nthawi imeneyo anali msilikali wodzipereka mbali ya Russia. Amayi akewo anaphedwadi, izo si zabodza. Komanso sanali yekha, anachita kutumidwa ndi chipani cha anthu a ku Armenia cha Dashnaktsutyun mu dongosolo lobwezera lotchedwa Nemesis lomwe linaphanso akuluakulu ena a Ottoman: Said Halim ku Rome mu Disembala 1921, Bahaeddin Şakir ku Berlin komweko ndi Djemal Pasha ku Tiflis mu 1922. Bodza pakhoti ine sindingalivomereze, koma mtima umandiwawa ndikaganiza kuti akanapita kuti munthuyu ndi dandaulo lake.

Pajatu khoti la asilikali ku Constantinople, likulu la Ottoman, linali litagamula kale mu 1919 kuti Talaat aphedwe, mwiniwake atathawa kalekale, akukhala ku Berlin ndi dzina lina, Germany osamupereka. Britain nayo inasunga akuluakulu ena a Ottoman pa chilumba cha Malta n'kungowamasula mu 1921 posinthana ndi akaidi ake. Chigamulo chinagona papepala pafupifupi zaka ziwiri, mfuti n'kulowa pamene boma linasiya mpata. Raphael Lemkin akadali wophunzira anazunguzika ndi mlandu womwewu, ndipo ndi iye anadzapanga mawu oti genocide, kutanthauza kupulula mtundu wa anthu, mu 1944.

Ndiye chenjerani ndi akatswiri odzipanga okha a pa intaneti aja amene amatola bodza la Tehlirian kuti akuuzeni kuti kuphedwa kwa anthu a mtundu wa Armenia kunali kongopeka. Malipoti a akazembe a Germany, amene anali bwenzi la Ottoman pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, alipo ndipo amanena zomwe zinkachitika panjira zopita ku Deir ez-Zor, m'chipululu cha Syria komwe anthuwo ankasamutsidwira.