Milatho 18 ya ku Orange County ndi ntchito yokulitsa msewu wa I-405

Anthu akamadutsa pamalo pomwe akukulitsa msewu, maso awo amakhala pa phula. Likaoneka lakuda ndi losalala amati ntchito ili kumapeto, ndipo likapanda kuoneka kwa miyezi ingapo amayamba kunong'onezana kuti kontrakitala wagona. Ife mainjiniya timayamba tafunsa za milatho. Msewu wa I-405 m'chigawo cha Orange County, kummwera kwa mzinda wa Los Angeles ku California m'dziko la America, ukuonetsa bwino chifukwa chake. Ntchito youkulitsa inayamba mu 2018, ndipo mizere yake yatsopano yolipiritsa inatsegulidwa pa 1 Disembala 2023.

Msewuwu ndi wa mtundu umene kumeneko amautcha freeway, kutanthauza kuti ulibe maloboti kapena mphambano zoima, ndipo galimoto imalowa ndi kutuluka pa interchange pokha, pomwe misewu imadutsana wina pamwamba wina pansi, monga zilili ku Area 18 ku Lilongwe. Gawo lomwe anakulitsa ndi la makilomita pafupifupi 26, kuchokera pomwe limakumana ndi msewu wa SR-73 ku Costa Mesa kukafika pa I-605 kufupi ndi malire a Los Angeles County, ndipo m'madera ena mumadutsa galimoto zoposa 300,000 pa tsiku. Bungwe la Orange County Transportation Authority ndi lomwe linatsogolera ntchitoyi mogwirizana ndi Caltrans, nthambi ya boma la California yoona za misewu. Zonse pamodzi zinadya madola oposa 2 biliyoni.

Wina angafunse kuti ndalama zankhaninkhani chonchi zinapita kuti, popeza mizere yowonjezera ndi iwiri yokha mbali iliyonse, ndipo m'malo ena ndi umodzi. Yankho lili pamwamba pa msewu. Misewu ya m'mizinda ya Fountain Valley, Westminster, Huntington Beach ndi ina yoyandikana nayo imawoloka I-405 pa milatho, ndipo mizati ya milathoyo anaiimika kalekale molingana ndi kukula kwa msewu wa nthawi imeneyo. Mzere watsopano sungadutse pomwe paima mzati, ndipo mzati sasuntha ngati mpando. Choncho milatho 18 inayenera kugwetsedwa ndi kumangidwanso yotalika, yambiri mwa iyo yotakatanso, yokhala ndi malo a oyenda pansi ndi a njinga.

Apa ndi pomwe pagona luso lonse, chifukwa galimoto sizinasiye kuyenda. Mlatho umagwetsedwa usiku: amatseka freeway anthu atagona, amayala dothi kapena mchenga pansi kuti zibuluma za konkire zisaswe msewu, makina amagogoda usiku wonse, ndipo kukamacha zinyalala zimakhala zitachotsedwa, pansi patasesedwa, apaulendo akudutsa osadziwa n'komwe kuti panali fumbi. Pomanga watsopano amayamba aimika zitsulo ndi matabwa ochirikiza, amaluka zitsulo za mkati, kenako amathira konkire. Konkire ndiye sathamangitsidwa. Mphamvu yake timaiyeza patatha masiku 28, ndipo pa masiku amenewo wodutsa amaona ngati palibe chikuchitika.

Pali njira ziwiri zomangiranso mlatho wotere, ndipo zonse anazigwiritsa ntchito. Mlatho wa msewu wosatanganidwa kwambiri, monga wa Slater Avenue, anautseka wonse, kuugwetsa ndi kuumanga kamodzi, ndipo unatha patangopita pafupifupi chaka. Wa msewu wotanganidwa anaugawa pakati m'litali mwake, galimoto n'kumayenda pa theka lakale pamene theka linalo likumangidwa, kenako n'kusinthana. Njira yachiwiriyi imachepetsa madandaulo a anthu koma imatenga nthawi yowirikiza ndiponso ndi yodula. Kuwonjezera apo, milatho iwiri yoyandikana siitsekedwa nthawi imodzi, chifukwa wina umakhala njira yolambalalira ya anthu a mlatho winawo. Mlatho umodzi ukachedwa, wotsatira umadikira, ndipo kuchedwako kumayenderera mpaka kumapeto kwa ntchito. N'chifukwa chake lipoti lonena kuti ntchito yafika pa 70 peresenti ine sindilidalira kwenikweni. Nthawi zambiri nambala imeneyo imawerengera ndalama zomwe zalipidwa, pamene chomwe chimauza tsiku lomaliza ndi milatho yomwe yatsala.

Za mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi malo a eni ake ofunika chipukuta misozi ndingozitchula, koma nazonso zimaimitsa makina kwa miyezi zikapanda kukonzedwa msanga.

Ndalama zambiri zinachokera ku msonkho wa theka la senti pa dola iliyonse yomwe munthu wagulira katundu, wotchedwa Measure M, womwe anthu a m'chigawochi anauvomereza pa chisankho mu 1990 ndi kuuwonjezera nthawi mu 2006. Boma la dziko lonse linabwereketsa madola pafupifupi 629 miliyoni, ndipo ngongoleyo ikubwezedwa ndi ndalama za mizere yolipiritsa. Kumeneko kulibe kuima pa chipata ngati pa Chingeni. Galimoto imakhala ndi kachipangizo ka FasTrak, makina opachikidwa pamwamba pa msewu amakawerenga ili paliwiro, ndipo mtengo umakwera pa maola otanganidwa kuti mizereyo isadzaze.

Mwa kuona kwanga, mizere yolipiritsayi ndi kuvomereza mwakachetechete kuti kukulitsa kokha sikuthetsa kuthithikana kwa galimoto. Akatswiri a zachuma Gilles Duranton ndi Matthew Turner anaonetsa mu 2011 kuti m'mizinda ya ku America, misewu ikuluikulu ikawonjezeka, mtunda womwe galimoto zimayenda umawonjezekanso pafupifupi mofanana. Amene ankanyamuka mbandakucha amabwerera ku nthawi yake, amene ankakwera basi amatulutsa galimoto, ndipo nyumba zatsopano zimamera kumapeto kwa msewu. Phindu lokhalitsa ndimaliona pa interchange zokonzedwanso, pomwe tinjira tolowera ndi totulukira tatalikitsidwa kuti galimoto zisamapingasane, pakuti pamenepo ndi pomwe mdipiti umayambira kawirikawiri.

Ntchito zina m'chigawochi zatsata ndondomeko yomweyo. Pa I-5, pakati pa SR-73 ndi El Toro Road, anayamba mu 2019 ndipo anamanganso interchange za Avery Parkway ndi La Paz Road. Pa SR-55, pakati pa I-405 ndi I-5, anayamba mu 2022 kuwonjezera mzere wa aliyense ndi wina wa galimoto zonyamula anthu angapo. Zomwe zikubwera m'tsogolo zidzakumana ndi muyeso wina, chifukwa kuyambira mu Julayi 2020 lamulo la California lotchedwa SB 743 limafuna kuti pounika ntchito yatsopano aziwerengera mtunda wowonjezera womwe galimoto zidzayende chifukwa cha ntchitoyo, ndipo wofuna kuwonjezera mzere ayenera kusonyeza mmene adzachepetsere mtunda umenewo.