Musanagule tchipisi pachiwaya, yambani mwaona mafuta

Anthu ambiri ogwira ntchito m'tauni nkhomaliro yawo imapezeka pachiwaya, ndipo kuwauza kuti asiyiretu tchipisi nkutaya nthawi. Chothandiza ndi kudziwa chimene chimawononga thupi m'mbale imeneyi, chifukwa mbatata payokha ilibe mlandu.

Yambani mwasuzumira m'chiwayamo. Mafuta akada bii, akuchita thovu, akutuluka utsi kapena akununkha chiwawu, ndiye kuti atenthetsedwa kambirimbiri ndipo asintha. Ali ndi zinthu zowononga mitsempha ya magazi. Pitani kwina. Onaninso moto. Mafuta akapanda kutentha bwino, mbatata imakhalitsa m'menemo n'kumamwa mafutawo ngati thonje. Nchifukwa chake tchipisi chofewa, chonyowetsa pepala mpaka kuonekera, chimakhala ndi mafuta ambiri kuposa chouma bwino. Chodula monenepa chimamwanso pang'ono poyerekeza ndi chopyapyala. Ndipo chonde, chizolowezi chouza wogulitsa kuti athire mafuta a m'chiwaya pamwamba tichisiye: sipuni yaikulu imodzi yokha imawonjezera makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120.

Mchere musalole kuti akuthirireni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo za kunyumba. Soseji ndi tomato sosi zili kale ndi mchere wambiri. Ukachuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, komwe kumabweretsa sitiroko ndi matenda a impso mwakachetechete. Tsabola wa kambuzi ndi mandimu zimakometsa popanda vuto limeneli.

Chakumwa ndicho ambiri sachiwerengera. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse. Botolo la mamililita 500 ndiye kuti lili ndi masipuni aang'ono 12 kapena kuposerapo, mlingo umene WHO imati munthu asapyole tsiku lonse. Shuga wakumwa sakhutitsa, choncho mumadyabe mofanana. Imwani madzi, kapena gulani botolo laling'ono.

Pa nyama, nkhuku kapena kanyenya wootcha pamakala aposa wokazinga. Chotsani khungu ndi mafuta oonekera, ndipo ng'ambani muone mkati: nkhuku yofiira pafupi ndi fupa mwina sinapse, ibwezeni pamoto. Yophikidwa m'mawa n'kukhala poyera mpaka masana aitenthetse ndithu mpaka mkati.

Kabichi ndi tomato pemphani zochuluka, tchipisi theka. Koma saladi sadutsa pamoto, choncho onani madzi amene akutsukira ndiponso ngati wavundikiridwa, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera imavuta. Mukakayika, musiyeni.

Masiku ena dutsani chiwaya. Chimanga chootcha, chinangwa chowiritsa, dzira lowiritsa, nthochi ndi mtedza zimagulitsidwa pamsewu womwewo, nthawi zambiri pamtengo wotsikirapo.