Galimoto yamagetsi kwa amene alibe poimika pakhomo

Pa ntchito yanga yolumikiza magetsi kuno ku Dedza, ndayamba kulandira mafunso okhudza galimoto zoyendera magetsi, makamaka kuchokera kwa anthu okhala m'nyumba za lendi zomwe zilibe mpanda kapena njira yoti galimoto n'kufika pakhomo. Ambiri mwa iwo amagoneka galimoto pamalo omwetsera mafuta kapena pabwalo lomwe pali mlonda, m'mawa n'kukaitenga wapansi. Kodi munthu wotere adzatchajira kuti?

Chimene ndimakaniza poyamba ndicho kukoka chingwe kuchokera pawindo mpaka kumsewu. Soketi ya mabowo atatu ya m'nyumba zathu imapereka makilowati 3 basi, ndipo batire lolowa mayunitsi 40, monga la galimoto zina za mtundu wa Nissan Leaf, lingafune maola oposa 13 kuti lidzaze. Ketulo imakoka mphamvu yofanana ndi imeneyi kwa mphindi zochepa, koma galimoto imaikoka usiku wonse, choncho polumikizira paliponse polobodoka pamatentha mpaka kusungunuka. Nthawi ya dzinja, chingwe chogona m'matope pomwe ana amadutsa chingathe kupha munthu.

Ku London, komwe nyumba zambiri zilibe poimika galimoto, anaika zotchajira m'mizati ya nyali za mumsewu, ndipo zimapereka makilowati pafupifupi 5. Njira imeneyi singakopedwe momwe ilili, chifukwa nyali zoyendera dzuwa zimene tikuziona m'misewu yathu zili ndi kabatire kokwanira nyaliyo yokha. Chomwe tingatengepo ndi ganizo lake: chotchajira chizikhala pomwe galimoto imagona kale. Chotchajira cha makilowati 7 chimadzaza batire lija m'maola 6, pamene ulendo wochoka ku Dedza kupita ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 85, sumadya ngakhale theka la batirelo. Zotchajira zodzaza batire msanga kwambiri, zomwenso ndi zokwera mtengo, ndi zoyenera apaulendo a mumsewu wa M1, osati munthu amene galimoto yake imaima kuyambira madzulo mpaka kutacha.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa thiransifoma. Galimoto 10 zikalumikizidwa nthawi imodzi ku zotchajira za makilowati 7 zimakoka makilowati 70, ndipo izi zikachitika madzulo pamene mabanja akuphika, thiransifoma yaing'ono ya m'dera imalemedwa, magetsi n'kufooka m'nyumba za anthu omwe alibe n'komwe galimoto. Nchifukwa chake a ESCOM ayenera kuyamba ayeza katundu amene thiransifomayo yasenza kale, ndipo zotchajirazo zikhale za mtundu umene umadikira mpaka usiku, anthu atazimitsa mbaula. Chilichonse chikhale ndi waya wopita pansi woyezedwa bwino komanso chodulira magetsi akangoyamba kutayikira.

Ena amati nkhaniyi yafulumira popeza magetsi athu amazimazima, ndipo sindiwatsutsa kwenikweni: namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Komabe m'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti, muli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20. Ndikanakonda khonsolo ikanayamba ndi zotchajira ziwiri kapena zitatu pafupi ndi maofesi a paboma, pomwe galimoto zimaswera dzuwa likuswa mtengo, munthu n'kumalipira pafoni monga momwe amagulira mayunitsi a kunyumba.