"Sakutsokomola" si umboni woti alibe TB: uthenga kwa odwala akuluakulu ogonekedwa m'chipatala ndi owasamalira

Pali yankho limodzi limene timalimva pafupifupi tsiku lililonse m'wodi ya akuluakulu, ndipo ndi limene latichititsa kulemba uthenga uno. Dokotala akangonena kuti tiyeze chifuwa chachikulu, wosamalira wodwala amadumphira pomwepo: "Ayi adokotala, awa sakutsokomola." Ena amawonjezera kuti makhololo anayezedwa kale mwezi watha ndipo sanapezeke ndi kanthu. Pakangopita masiku awiri, achibale ayamba kumanga katundu, ati kuno palibe chimene chikuoneka.

Chonde, imvani bwino. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri, akhoza kudwala TB mpaka kufa nayo osatsokomola ndi kamodzi komwe.

Bambo wina wa zaka za m'ma 40 anabwera atanyamulidwa, miyendo itakana. Thupi linali likutentha kwa masabata atatu, mankhwala a malungo atamwa kawiri konse, buluku atalimanga ndi chingwe chifukwa lamba anali atatha mabowo. Tinawapatsa kabotolo ka makhololo. Kanakhala pakabati masiku awiri kali gwa, kouma, chifukwa analibe ndi mphamvu yokhosomola. Mayi akunyumba kwawo ankatiloza kabotolo komweko ngati mboni: "Mwaona? Chifuwa alibe." Tinapempha mkodzo pang'ono, tinadontheza pa kachipangizo koyezera, ndipo pasanathe theka la ola mzere unaoneka. Inali TB, itafalikira m'thupi lonse. Anayamba mankhwala madzulo omwewo.

Za chiyambi cha matendawa tingodutsamo mwachangu, ambiri mumazidziwa. TB imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. Kamayenda mumpweya munthu wodwala TB ya m'mapapo akamatsokomola, kuyetsemula ngakhale kuyankhula. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anakalandirapo, koma mwa ambiri kamangogona phee chifukwa asilikali a m'thupi amakatsekera. HIV imapha asilikali amenewa, amene timawawerenga poyeza CD4. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti munthu amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala TB kuwirikiza ka 16 kuposa amene alibe, ndipo mu 2023 anthu pafupifupi 161,000 amene anali ndi HIV anafa ndi TB. Palibe matenda ena amene amapha anthu okhala ndi HIV kuposa amenewa.

Nanga chifuwacho chimapita kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Kutsokomola, makhololo ndi mabowo amene amaoneka pa X-ray zimabwera chifukwa thupi likulimbana ndi kachilombo m'mapapo. Ndi fumbi la nkhondo. Asilikali akatha, nkhondo sikhalapo, fumbinso silioneka. Kachilombo kamalowa m'magazi mosatsekerezedwa n'kukakhazikika m'chiwindi, m'kapamba, m'mafupa, m'mimba, m'chikopa chokuta mtima, m'mwanabele, ngakhale mu ubongo. Ndiye X-ray ikhoza kutuluka yoyera, makhololo n'kutuluka opanda kanthu, pamene munthu akutha. Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kupima mitembo ya akuluakulu amene anali ndi HIV ndipo anamwalira m'zipatala za m'mayiko osauka. Anapeza TB mwa anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse. Mwa ambiri zedi inali itafalikira kunja kwa mapapo, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira wina aliyense asanadziwe kuti akudwala TB. Anthu amenewa anafera pabedi la chipatala, mankhwala ali m'kabati pafupi pomwepo.

Choncho lamulo lija munaliphunzira, loti mukatsokomola masabata awiri pitani mukayezetse, silokwanira kwa munthu amene ali ndi HIV. Kwa iyeyu chifuwa cha tsiku limodzi chomwe ndi nkhani, ndipo popanda chifuwa n'komwe, chimodzi mwa izi n'chokwanira: kutentha thupi kosamva mankhwala, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kuwonda, kufooka, kuchepa magazi kobwerezabwereza, mwanabele m'khosi kapena m'khwapa, kutupa mimba, kupuma movutikira. Akamadandaula mutu wosaleka, khosi litauma, kapena akayamba kuyankhula zosamveka, itanani namwino nthawi yomweyo, usiku kaya masana. Chimodzimodzinso akamapuma mothamanga kwambiri, mtima ukamagunda mothamanga, thupi likatentha kufika pa madigiri 39, kapena akalephera kuyenda yekha. Zimenezi si zodikira kuti adokotala adzazungulira m'mawa.

Njira zoyezera zilipo. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, amapeza kachilombo m'makhololo m'maola osakwana awiri, ndipo amasonyezanso ngati TB yake ili yosamva mankhwala a rifampicin. Kwa amene sangathe kutulutsa makhololo pali kuyeza mkodzo kotchedwa LAM, kumene kunavomerezedwa mu 2015. Kuyeza kumeneku kumagwira bwino kwambiri mwa amene adwalitsitsa, CD4 itatsikiratu, omwe aja njira zina zimawaphonya. Kafukufuku wotchedwa STAMP, amene anachitikira pa Zomba Central Hospital ku Malawi ndi pa Edendale Hospital ku South Africa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anasonyeza kuti kuyeza mkodzo wa wodwala aliyense wa HIV wogonekedwa kumapezetsa TB yochuluka kuposa kudalira makhololo okha, ndipo imfa zinachepa pakati pa amene CD4 yawo inali pansi pa 100 ndi amene magazi anali atachepa kwambiri. Ngati m'bale wanu wagonekedwa, ali ndi HIV, ndipo mkodzo sunatengedwe, funsani. Si mwano ayi.

Koma tisanamizane: mkodzo nawonso ukhoza kutuluka wopanda mzere TB ilipo. N'chifukwa chake nthawi zina dokotala amayang'ana zonse pamodzi, X-ray, sikani ya m'mimba, madzi a mumsana, mmene wodwala akuonekera, n'kuganiza zoyambitsa mankhwala a TB popanda pepala lotsimikiza. Apa ndi pamene timakangana ndi achibale. "Mukumupatsa bwanji mankhwala a TB munthu wosatsokomola?" Tikumupatsa chifukwa tikadikira chifuwacho tidzadikira mpaka kumanda.

China chimene chimatichedwetsa ndi kubisa. Wodwala amafika atasiya ma ARV chaka chatha, mwina chifukwa anayamba kumva bwino, mwina anasamuka, mwina anangotopa nawo, koma pofunsidwa amati sanayezetsepo. Buku lachipatala lasiyidwa dala kunyumba. Tikumvetsa, m'wodi mabedi amayandikana ndipo amene akukusamalirani mwina ndi apongozi. Kodolani namwino mumunong'oneze, kapena pemphani kuti achibale ayambe atuluka. Sitikufuna kukukalipirani. Tikadziwa kuti muli ndi HIV timayeza CD4, ndipo ikakhala pansi pa 200 timafunafunanso matenda ena obisala, monga aja a mu ubongo otchedwa cryptococcal meningitis. Mlingo wa mankhwala nawonso umasintha: rifampicin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'magazi, kotero amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amapatsidwa piritsi lina lowonjezera, kuti azimwa dolutegravir kawiri pa tsiku. Mukabisa, sitingakupatseni piritsi limeneli.

Mwina mwamvapo mphekesera zoti mankhwala a TB ndi ma ARV akakumana m'thupi amapha. Si zoona. Chimene chimapha ndi kuchedwa kuyamba amodzi mwa awiriwa. Amene anali kale pa ma ARV apitirize. Amene sanayambe, kapena anasiya, amayamba ndi mankhwala a TB, kenaka ma ARV pasanathe masabata awiri. Pokhapokha ngati TB yalowa mu ubongo ndi pamene ma ARV amadikira masabata 4 mpaka 8, ndipo woganiza zimenezo ndi dokotala, osati wina aliyense pa benchi. N'zoona kuti ena akayamba ma ARV amaoneka ngati matenda akula: thupi kutenthanso, mwanabele kutupa. Ndi asilikali aja akudzuka n'kupeza mdani ali m'nyumba. Mankhwala othandiza zimenezi alipo, bwerani nazo kuno, musasiye kumwa.

Mankhwala a TB ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenaka miyezi 4 mitundu iwiri. TB ya mu ubongo kapena m'mafupa imatenga nthawi yotalikirapo. Mkodzo ukafiira ngati wasakanikirana ndi utoto musachite mantha, ndi rifampicin ameneyo. Dzanzi kapena kutentha ku mapazi kumapewedwa ndi piritsi la pyridoxine. Bactrim, piritsi loteteza anthu amene ali ndi HIV ku matenda ena, musamuiwale. Koma maso akachita chikasu, mukamasanza osaleka, khungu likatuluka zilonda kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kutuluka m'wodi si kuchira. Miyezi iwiri yoyamba munthu atabwerera kunyumba ndi yoopsa kwambiri, ambiri timawataya pamenepo. Musananyamuke funsani kumene mukalandirire mankhwala otsatira ndi tsiku lobwerako, ndipo mulilembe. Onse a m'nyumba mwanu akaunikidwe, kuyambira ana osakwana zaka 5 ndi aliyense amene ali ndi HIV. Amene sapezeka ndi TB pali mankhwala oiteteza, ena omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, ena kamodzi pa sabata kwa miyezi 3.

Ndipo inu amene mukuwerenga muli ndi wodwala kunyumba, wa HIV, amene thupi likutentha, akuwonda, wagona masiku angapo osadzuka, koma mukuti tidikire kaye poti sakutsokomola: munyamuleni lero, mutenge ndi buku lake lachipatala pamodzi ndi mabotolo onse a mankhwala amene akumwa kapena amene anasiya.