Wodwala kolona akamatengedwa magazi pafupipafupi: uthenga kwa magadiyani

Uthengawu ndi wa inu amene m'bale wanu wagonekedwa ku Gulupu kapena pachipatala china muno mu Blantyre atadwalika ndi kolona. Funso limene limamveka kawirikawiri pamene magadiyani amadikirira ndi ili: dzulo anamutenga magazi, lero abweranso ndi timabotolo, magazi onsewa akupita nawo kuti? Mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinayambira cha ku Mulanje n'kudzafika muno mumzinda, sizinachokeretu m'mitu mwa anthu, ndiye tiyankhe mosabisa mawu.

Kabotolo kamodzi kamalowa magazi okwana supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, pomwe munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5. Thupi limabwezeretsa lokha. Magaziwo amapita ku labu, basi.

Chimene akufunafuna m'magazimo

Kolona ikafika povuta, chimene chimagwetsa munthu si kachilombo kokha. Thupi limalimbana nako mopyola muyezo mpaka kudzivulaza lokha: mapapo amatupa, magazi amayamba kuundana m'mitsempha, impso zimafooka. Odwala awiri akhoza kugona mabedi oyandikana, onse ali pa okosijeni, maonekedwe ofanana, koma wina ali m'njira yochira, wina zinthu zikuipiraipira mkati. Magazi ndi amene amaulula msanga.

Poyamba amawerenga asilikali a m'thupi. Gulu lina la asilikaliwa, lotchedwa lymphocytes, limatsika kwambiri mwa odwala kolona amene afooka, ndipo likamapitirira kutsika dokotala amakhala tcheru. Kenako pali CRP, imene chiwindi chimatulutsa thupi likatupa mkati. Ikakwera ndiye kuti nkhondo yakula, ikayamba kutsika ndiye kuti mankhwala akugwira.

D-dimer ndi yofunika kuimvetsa bwino. Magazi akaundana, thupi limayesa kuwasungunula, ndipo zotsalira zake ndi zimene zimatchedwa D-dimer. Kumayambiriro kwa 2020 madokotala a ku Wuhan atapenda odwala 191 anapeza kuti amene anafika kuchipatala D-dimer yawo itapitirira maikilogalamu 1 pa mililita ndi amene ankamwalira kwambiri. N'chifukwa chake odwala ambiri ogonekedwa amabayidwa heparin pakhungu la pamimba kuti magazi asaundane. Mukaona jakisoni ameneyu musadabwe. Koma ngati wodwalayo ali ndi zilonda za m'mimba kapena amataya magazi mosavuta, auzeni anamwino asanabaye.

Urea ndi creatinine zimaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Zina zimene amayeza m'magazi, LDH, ferritin ndi troponin, nazonso zimakwera matenda akakula, ndipo troponin imaloza kumtima.

Nambala si chigamulo

Pano ndi pamene mabanja ambiri amasokonezeka. Wina akamva kuti CRP yakwera amathamangira pa foni kuuza akumudzi kuti akonzekere. Musatero. Manambalawa amanena za gulu la odwala, kuti mwa anthu amene magazi awo ali chonchi ambiri amavutika, koma sanena tsiku la munthu. Alipo ochuluka amene manambala awo anali oipa ndipo anatuluka akuyenda okha.

Ngakhale njira yodziwika bwino yoyerekezera kuopsa kwa matendawa, ya 4C imene inapangidwa ku Britain mu 2020, imayang'ana zinthu 8, ndipo ziwiri zokha, urea ndi CRP, ndi za m'magazi. Zinazo ndi zaka za wodwala, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, matenda ena amene ali nawo, kapumidwe, kuchuluka kwa okosijeni ndi ngati akutsitsimuka bwino.

Kuno kwathu palinso china. Malungo amakweza CRP ndi LDH. Chifuwa chachikulu chimakwezanso CRP. HIV imatsitsa lymphocytes ngakhale popanda kolona, ndipo mayi woyembekezera D-dimer yake imakhala yokwera mwachibadwa. Nambala imene ingadzidzimutse dokotala wa ku London, dokotala wa ku Gulupu amayamba wafunsa: kodi munthuyu ali pa ma ARV? Tamuyeza malungo? N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwanira. Chimene amafuna kuona n'chakuti nambalayo ikukwera kapena kutsika pakapita masiku.

Mudzaonanso wodwala akubayidwa pachala kawirikawiri. Ameneyo ndi shuga akuyezedwa. Mankhwala a dexamethasone, amene kafukufuku wa RECOVERY anaonetsa mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa pakati pa odwala ofunika okosijeni, amakweza shuga m'magazi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a shuga. Mankhwalawa sathandiza wodwala amene akupuma bwino payekha, choncho musakagule kufamase n'kumamwetsa munthu kunyumba.

Gawo lanu

Bwerani ndi buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwalayo amamwa, kaya a BP, a shuga, ma ARV kapena a TB. Ngati anamwa mankhwala azitsamba nenani, palibe amene akudzudzuleni, chifukwa ena mwa iwo amavuta impso ndi chiwindi ndipo amasintha zotsatira. Muli ndi ufulu wofunsa kuti zotsatira zatuluka bwanji. Funsani kuti, poyerekeza ndi zadzana, zikupita kuti? Ngati makina ena sakugwira ntchito tsiku limenelo, chithandizo sichiima: kapumidwe, kugunda kwa mtima, mkodzo ndi kachipangizo koyezera okosijeni kovekedwa kuchala zimamuuzabe dokotala zambiri.

Bungwe la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti kolona yasiya kukhala mliri wadzidzidzi wa dziko lonse lapansi, koma kachilomboka kadakalipo ndipo kamagwetsabe okalamba ndi odwala shuga, BP kapena amene anasiya ma ARV. Munthu akamabanika, kumva kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kugona osadzuka bwino, musadikire kuti kuche. Ena okosijeni amatsika pansi pa 90 peresenti iwo akucheza ngati ali bwino. Thamangirani naye ku chipatala chapafupi, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni, ndipo akakutumizani ku Gulupu pitani tsiku lomwelo.