Funso lomwe mwalimva kakhumi chikhalire sikunatenthe

Ndatha zaka zambiri kuseri kwa kauntala m'shopu ya zipangizo zomangira ndi zaulimi kuno ku Salima, ndipo masiku ano gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kuphunzitsa anyamata ndi atsikana olembedwa kumene. Sabata yoyamba amaopa kusokoneza chenji ndi kuberedwa. Ikatha miyezi itatu mantha aja amatha, n'kubwera kutopa ndi mafunso a makasitomala.

Munthu waima patsogolo pa simenti, mtengo walembedwa ndi choko pabolodi, manambala akuluakulu, koma akufunsabe kuti, "Iyi ndi zingati?" Mwamuuza. "Nanga womaliza?" Ndi womwewo bambo. "Tsitsaniko achimwene, ife ndi makasitomala anu." Chonsecho nkhope yake simunaionepo chibadwire. Likhale tsiku la mu Okutobala, denga la malata likuwotcha ngati chiwaya cha tchipisi, mtima umafuna kuyankha kuti, "Kodi simukuona palembedwapo?" Yankho limenelo ndimaletsa, ndipo chifukwa chake si ulemu wokha.

Wofunsa mtengo wolembedwa kale si wopusa. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, ndipo anthu anaphunzira mowawa kuti mtengo wa dzulo si wa lero. Angati anafika pakauntala ndi ndalama zowerenga bwino, n'kumva kuti, "Pepani, bolodilo ndi lakale"? Ndiye amafuna aumve kuchokera pakamwa panu asanatulutse ndalama pampango. Ena maso anafooka, ena sukulu sanapite nayo patali, ndipo munthu wamkulu sangaulule zimenezo pamaso pa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Za "womaliza" nazo n'zachibadwa. Pamsika wa Kamuzu Road, kapena kwa ogulitsa usipa ku Senga Bay, wolipira mtengo woyamba amasekedwa. Kasitomala wangobwera ndi chizolowezi cha kumsika m'shopu ya mtengo umodzi. Muuzeni mosazungulira kuti pano sitinenerera, kenako mutchuleni chimene mungathedi kumuchitira, kaya ndi kumunyamulira katundu mpaka pakabaza, kaya kumuonetsa mtundu wina wotsikirapo.

Lopweteka kwambiri ndi lakuti, "Mwakwezeranji?" Wantchito sanakweze kanthu, malipiro ake omwe sanasunthe, koma ndiye amene akuonedwa ngati wakuba. Ambiri amayankha kuti, "Kafunseni boma," ndipo mkangano umayambira pomwepo. Zoona zake n'zoti feteleza wathu wambiri amachokera kunja, amagulidwa ndi madola, amadzera kumadoko a Beira ndi Nacala, ndipo kuti afike kuno kuchokera ku Lilongwe thiraki imamwa mafuta pamtunda wa makilomita pafupifupi 100. Izi mukhoza kuzinena m'mawu awiri atatu, osachita kuphunzitsa ngati muli m'kalasi. Koma ndinazindikira mochedwa kuti wofunsayo nthawi zambiri sakufuna kumva za madola. Mumtima akuwerengera ngati ndalama zimene wabwera nazo zikwanire. Mlimi amene anagulitsa mpunga wake wa ku Lifuwu akuyembekeza matumba awiri, tsopano akuona kuti likwana limodzi, ndipo manyazi ake akutuluka ngati ukali. Tsitsani mawu, anthu ena asamve, mufunse kuti, "Munakonzekera zingati bambo, tione chimene tingachite?" Kawirikawiri mapewa amagwa, mawu amafewa, n'kuyamba kukambirana za munda wake ndi kukula kwake.

Palinso lija lakuti, "Ndi orijino imeneyi?" Achinyamata amalimva ngati chipongwe, ngati akunenedwa kuti ndi akathyali. Koma taganizirani munthu amene chaka china anagula chimanga wamba chopakidwa utoto, atauzidwa kuti ndi mbewu yamakono, n'kudzazindikira mvula itapita kale. Akamafunsa za mbewu ya chimanga kuti, "Kanyani ameneyu ndi weniweni?" akukumbukira chaka chimenecho. Musalumbire, malumbiro anawamva kale kwa amene anamupusitsa uja. Tembenuzani paketi, muonetseni kuti ndi yomata bwino, muwerengereni madeti, mulembereni lisiti ndi kumuuza kuti alisunge. Malata nawo chimodzimodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti geji 32 ndi yolimba kuposa 28 poti nambala ndi yaikulu, pomwe nambala ikamachepa lata limanenepa. Ndakhala ndikufotokoza zimenezi mwina tsiku lililonse la ntchito yanga, ndipo njira yachidule ndi kumugwiritsa malata onse awiri m'manja kuti amve yekha kulemera.

Choopsa chenicheni cha kutopa si kukalipa ayi, ndi kuvomera zilizonse kuti munthu achoke msanga. "Sachita dzimbiri amenewa?" Ayi sachita. "Penti imeneyi ikwana nyumba yonse?" Ikwana. Bodza la masekondi asanu limabwerera pakatha mwezi, lili ndi mboni ndi mkwiyo. Ndipo eni mashopu asadalire chikwangwani chija chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wowonongeka kapena onamizidwa. Ngati simukudziwa yankho, nenani kuti, "Dikirani ndifunse anzanga." Palibe kasitomala amene anandithawapo chifukwa cha mawu amenewo.

Anzathu a m'mabenchi a Airtel Money ndi Mpamba ali ndi lawo, lakuti, "Netiweki yabwera?" mphindi ziwiri zilizonse. Pamenepo mankhwala ndi kuyamba ndinu kulankhula. Mukanena nokha kuti ikuvutabe ndipo muitana ikangobwera, munthu amakhala pansi.

Za ngongole sindichedwapo. "Mundikongozeko, ndibweza ndikagulitsa thonje." Musanene kuti tiona, kapena bwerani mawa, ngati mukudziwa kuti sizitheka. Munthu apalasa njinga kuchokera ku Khombedza chifukwa cha "mawa" wanuyo. Kukana lero, mwaulemu, n'kumuchitira chifundo.

Koma ndisaname kuti funso lililonse lili ndi chifukwa chabwino kumbuyo kwake. Bambo amene akufunsa mtsikana wa pakauntala nambala ya foni kachitatu, kapena kumufunsa ngati ali pabanja, sakugula kanthu pamenepo. Woledzera amene akutukwana mayi ake a wantchito sakufunsa funso. Atsikana ndimawauza kuti ayankhe kamodzi kuti, "Pano ndili pantchito bambo, mukufuna katundu uti?" ndipo zikapitirira andiitane. Apa ndimadzudzula mabwana anzanga amene amabisala mu ofesi n'kumati kasitomala ndi mfumu. Ngakhale mfumu imene, ikalakwa, nduna zimaiuza. Wantchito amene akudziwa kuti bwana wake amuikira kumbuyo amapirira mafunso enawo mosavuta, chifukwa sakuopa kuchotsedwa ntchito pa kalikonse.

Chizolowezi chimodzi ndinachiphunzira kwa agogo ena amene anandifunsa mtengo wa malata katatu, kutuluka, kubwerera, n'kufunsanso kachinayi. Ndinali nditafika pakhosi. Nditawafunsa kuti, "Agogo, chavuta n'chiyani?" anati mwana wawo ali ku Joni, ndiye atumize ndalama, ndipo iwo akuyesa kuloweza manambala kuti akamuuze pafoni madzulo, koma akangofika pamsewu akumasokonezeka. Ndinang'amba kapepala, ndinalemba geji, kutalika kwa lata, mtengo wa limodzi, wa onse 24 pamodzi ndi misomali, ndi deti la tsikulo, n'kuwauza kuti mtengowo ukhoza kusintha. Anakamanga pansonga ya chitenje. Kuyambira pamenepo pakauntala pathu pamakhala mulu wa timapepala ndi cholembera chomangirira ku chingwe, ndipo aliyense wofunsa mtengo kachiwiri timamulembera. Agogo aja anabweranso patatha masabata atatu ndi ngolo ya ng'ombe, kapepala kaja kali m'manja.